Chiwongolero Chonyezimira Chingadye Mwini Wake

MILANGE — Galimoto zothamanga zenizeni, zija za zitseko ziwiri ndi mimba yokhudza pansi, sizioneka kawirikawiri m'tauni ya Milange. Misewu ya kuno ndi ya njinga zakapalasa zosenza matumba a chimanga ndi nandolo, njinga zamoto, machapa ndi malole olowera kuchipata cha Melosa. Komabe pakati pa galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, zimene zadzaza m'Mozambique ndi m'Malawi momwe, muli zina zopangidwira liwiro monga Toyota Altezza, Subaru Impreza ndi Nissan Skyline. Mnyamata amene wapata imodzi mwa izi, ngakhalenso amene wagula Corolla wamba, sachedwa kukhumbira chinthu chimodzi: kuzula chiwongolero chachikulu chimene galimotoyo idabwera nacho ndi kuikapo chaching'ono chonyezimira, chonga cha akatswiri a mpikisano.

Ena amasintha chiwongolero pa zifukwa zina. Dzuwa limang'amba chikopa chake, thukuta la m'manja limachinyenya, ndipo galimoto imene idachitapo ngozi nthawi zina imatsala ndi chiwongolero chopindika. Kwa onsewa ntchitoyi imaoneka yopepuka, poti chimene chagwira volante yonse ndi nati imodzi yokha ya pakati. Munthu amabwereka sipanala kwa mnansi, amaimika galimoto pabwalo, n'kumati pofika nthawi ya nsima akhala atamaliza. Chimene ambiri saganizira n'chakuti pakati pa chiwongolero cha galimoto ya masiku ano pali chipangizo chokhala ndi wonga. Chipangizochi chingathyole nsagwada za munthu wochigwira mosasamala, ndipo chikachotsedwa chimasiya chifuwa cha woyendetsa pambalambanda tsiku la ngozi.

Luso lakale, galimoto zatsopano

Amakaniko a ku Milange ali ndi mbiri yoyenera ulemu. Nkhondo ya pachiweniweni idasakaza derali kwambiri. Renamo idalanda tauniyi mu 1986, asilikali a boma adailandanso mu 1988, ndipo anthu miyandamiyanda adathawira ku Mulanje ndi madera ena a m'Malawi. Pamene pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndipo othawa nkhondo adayamba kubwerera kwawo, galimoto zinali zowerengeka ndipo sipeya zinali zosowa. Ma Land Rover, ma Land Cruiser ndi malole okalamba zinkayendabe chifukwa cha anthu odziwa kusula chitsulo, kuwotcherera ndi kumanga ndi waya. Pa galimoto za nthawi imeneyo chiwongolero chinali chitsulo chozungulira, nati ndi waya umodzi wa hutala basi. Chikakana kutuluka, nyundo inkathetsa mlandu.

Kuchokera nthawi imeneyo zinthu ziwiri zasintha. Choyamba ndi galimoto zomwe. Pafupifupi galimoto zonse zazing'ono zopangidwa ku Japan kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zili ndi thumba la mpweya m'chiwongolero, limene amakaniko amalitcha airbag. Chachiwiri ndi msewu. Msewu wa N11 wochokera ku Milange kupita ku Mocuba, wa makilomita pafupifupi 190, unali wafumbi ndi wamatope, ndipo maenje ake okha ankaletsa munthu kuthamanga. M'zaka za pakati pa 2010 ndi 2020 udathiridwa phula ndi thandizo la European Union. Ulendo udafupika, malonda adakula, koma liwiro nalonso lidakwera pamsewu umene oyenda pansi, ana a sukulu, mbuzi ndi njinga zolemedwa ndi katundu zimagwiritsabe ntchito.

Wovulala kwambiri pa ngozi ali ndi ulendo wautali patsogolo pake. Chipatala chachikulu cha Quelimane, chimene chidatsegulidwa mu 2016, chili pa mtunda wopitirira makilomita 300 kuchokera ku Milange. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chili pafupi, pa makilomita ngati 100, koma pakati pali chipata cha dziko ndi mapepala ake. Munthu wothyoka nthiti kapena wovulala m'mutu alibe maola otaya. N'chifukwa chake chilichonse chochepetsa kuvulala pamalo a ngozi pomwepo chili ndi mtengo waukulu kuno kuposa m'mizinda ikuluikulu.

Chifukwa chake chili kumanja

Alendo ochokera ku Portugal, Angola kapena Brazil amadabwa kuona kuti m'dziko lolankhula Chipwitikizi galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja. Nkhani yake ndi yakale. Dziko la Portugal nalonso linkayenda kumanzere mpaka mu 1928 pamene lidasamukira kumanja. Angola idatsatira, koma Mozambique idasiyidwa mmene inalili popeza idazunguliridwa ndi maiko amene ankatsata dongosolo la Angerezi. Motero woyendetsa wochoka ku Milange kuwoloka mtsinje kupita ku Muloza ndi ku Limbuli sasintha mbali ya msewu, ndipo sipeya zogulidwa ku Limbe kapena pamsika wa Ndirande zimakwana pa galimoto za kuno. Japan nayo imayenda kumanzere, ndiye gwero la galimoto zochuluka chonchi zochokera kumeneko.

Galimoto za chiwongolero cha kumanzere zidalipo ndithu, makamaka malole a IFA ochokera ku East Germany ndi galimoto za ku Soviet Union zimene zidalowa m'zaka za m'ma 1980. Lamulo la pamsewu la 2011, lotchedwa Código da Estrada, lidaika chiletso pa kulowetsa m'dziko galimoto za chiwongolero cha kumanzere zochitira malonda. Apa m'pofunika kusiyanitsa ntchito ziwiri. Kusamutsa chiwongolero kuchoka kumanzere kupita kumanja kumakhudza shafuti, mabuleki, mapedulo, dashibodi ndi mawaya onse, ndipo si ntchito ya pakhomo ngakhale pang'ono. Kusintha chiwongolero chokha pamalo ake omwewo ndiyo ntchito imene munthu wodekha angathe kuigwira yekha, ngati akudziwa chimene chili m'kati.

Zimene zili m'kati

Chiwongolero chidayamba mu mpikisano. Mu 1894 Alfred Vacheron adachiika pa galimoto ya Panhard pa mpikisano wochokera ku Paris kupita ku Rouen, nthawi imene galimoto zambiri zinkawongoleredwa ndi ndodo yonga ya boti. Kwa zaka zambiri pambuyo pake chiwongolero ndi shafuti yake zinali ngati mkondo woloza pachifuwa cha woyendetsa. Makampani adayamba kupanga shafuti yofupika yokha ikagundidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Mercedes-Benz idayamba kugulitsa galimoto za thumba la mpweya m'chiwongolero.

Thumbali ndi nsalu yolimba yopindidwa pansi pa chivundikiro cha hutala. Kumbuyo kwake kuli kachitini kachitsulo kokhala ndi mankhwala oyaka mofulumira. Galimoto ikagunda chinthu mwamphamvu, kompyuta yake imatumiza magetsi ku kachitiniko, mankhwala amayaka, ndipo mpweya umadzaza thumba m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, pafupifupi magawo 30 mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda theka la mita lokha m'kanthawi kameneko. Kuima mwadzidzidzi pa liwiro limeneli kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 14, ndipo pa makilomita 80 pa ola ndi mamita 25. Kafukufuku wa boma la United States adapeza kuti thumba la kutsogolo limachepetsa imfa za oyendetsa pa ngozi zogundana maso ndi maso ndi 29 peresenti, ndipo limagwira bwino ntchito munthu akamanga lamba.

Pakati pa chiwongolero ndi shafuti pali chinthu china chosalimba, kabokosi kozungulira kokhala ndi waya wathyathyathya wokulungidwa ngati tepi, wotchedwa clock spring. Waya umenewu ndi umene umapititsa magetsi ku thumba la mpweya, hutala ndi mabatani a wailesi pamene chiwongolero chikuzungulira. Pa galimoto zambiri umalola kuzungulira kasanu kokha, kawiri ndi theka mbali iliyonse. Ukaikidwa usali pakati, umaduka tsiku loyamba munthu akakhotetsa mpaka kumapeto, ndipo pomwepo hutala imafa, thumba la mpweya nalo limafa. Pa galimoto zatsopanoko pali ndi kachipangizo kouza kompyuta kumene chiwongolero chaloza, kothandiza galimoto kuti isaterereke pokhota.

Kagwiridwe ka ntchito

Amene wapeza chiwongolero cha mtundu womwewo wa galimoto yake, chokhala ndi malo a thumba la mpweya, ayambe ndi kuimika galimoto pamalo athyathyathya, matayala atalunjika bwinobwino ndipo chiwongolero chili pakati. Akazimitsa injini ndi kuchotsa kiyi, amasule waya wa negetivi pabatire ndi kuukankhira patali kuti usakhudzenso mutu wake. Kenaka adikire. Buku la Toyota limati masekondi 90 pang'ono pake, koma amakaniko osamala amadikira mphindi khumi. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta ya thumba la mpweya imasunga magetsi pang'ono kuti igwirebe ntchito ngakhale batire itasweka pa ngozi, ndipo magetsi otsalawo ndi okwanira kuphulitsa thumba pankhope ya munthu wowerama pa chiwongolero.

Thumba limamasulidwa kuchokera m'mbali kapena kumbuyo kwa chiwongolero. Pa Toyota zambiri pali masikuluwu awiri a mutu wa nyenyezi, a Torx T30, ndipo sikuludiraiva wamba imangowononga mitu yake. Pa galimoto zina pali timabowo tolowetsamo kachitsulo kokankha zomangira. Thumba likasunthika, likokedwe pang'onopang'ono, chifukwa kumbuyo kwake kuli pulagi yachikasu yokhala ndi kotsekera kamene kayenera kutukulidwa kaye. Mawaya achikasu m'galimoto ndi a thumba la mpweya. Sayenera kudulidwa, kulumikizidwa ndi mawaya ena, kapena kuyesedwa ndi babu kapena mita yoyezera magetsi, popeza magetsi ochepa a mita yomweyo angathe kuyatsa mankhwala aja.

Ponyamula thumba, chivundikiro chake chiloze kutali ndi thupi. Poika pansi, chivundikiro chiyang'ane kumwamba, pamalo ouma, kutali ndi moto, mbaula ndi ana, ndipo pamwamba pake pasaikidwe kanthu. Likaikidwa chafufumimba n'kuphulika, chitsulo chonse chimauluka ngati mwala wa pa legeni. Kachitini kake sikatsegulidwa, sikawotchereredwa ndipo sikatayidwa pamoto wa zinyalala. M'matumba akale muli mankhwala a sodium azide amene ndi poizoni.

Atachotsa mapulagi a hutala ndi mabatani, munthu alembe chizindikiro ndi choko kapena utoto pa shafuti ndi pa chiwongolero kuti adziwe pamene mano ake adakumanira. Nati ya pakati, imene pa Toyota zambiri imafuna soketi ya mamilimita 19, imasulidwe mnzake atagwira chiwongolero. Kudalira loko wa kiyi kuti ndiye agwire kungathyole lokoyo. Natiyo isachotsedwe yonse msanga. Itsale pa mano awiri kapena atatu, chifukwa chiwongolero chimamatirira kwambiri pa shafuti ndipo chikamasuka mwadzidzidzi chimabwera ndi mphamvu yonse ya wokokayo kudzamenya mano ndi mphuno. Chigwedezedwe uku ndi uku, ndipo chikakanitsitsa pafunika chitsulo chokokera chimene amakaniko amati pula. Nyundo pano ndi mdani. Shafuti yofupika yokha ija imagwiridwa ndi timapini tofewa topangidwa kuti tithyoke pa ngozi, ndipo kumenya pamutu pake kungatithyole galimoto ili chiimire.

Chiwongolero chikatuluka, kabokosi ka clock spring kamatidwe ndi tepi nthawi yomweyo kuti kasazungulire. Ngati kazungulira kale, njira yake ndi kukatembenuza pang'onopang'ono mbali imodzi mpaka kayambe kulimba, osakakamiza, kenaka kubweza pafupifupi kawiri ndi theka mpaka zizindikiro zake zikumane. Chiwongolero chatsopano chilowe cholunjika, mawaya atadutsa pabowo lake osapanikizika. Nati imangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu monga mwa buku la galimotoyo, ndipo pa galimoto zambiri za ku Japan muyezo wake uli pakati pa 35 ndi 50 N·m. Nati yolefuka imasiya chiwongolero chikusewera mpaka mano adyeke, pamene yomangidwa ndi paipi yowonjezera imawononga shafuti.

Thumba likabwezeredwa ndi pulagi yake yatsekedwa, batire ilumikizidwe m'galimoto mulibe munthu. Kiyi atembenuzidwe munthu ali chapambali, mutu ndi chifuwa zili kutali ndi chiwongolero. Nyali yolembedwa SRS, kapena ya chithunzi cha munthu ndi mpira patsogolo pake, iyenera kuyaka kwa masekondi pafupifupi 6 ndi kuzima. Ikakhala yoyakabe, pali cholakwika ndipo pafunika makina owerengera kompyuta ya galimoto. Pomaliza ayese hutala, maindiketa ngati akubwerera okha, ndi kukhotetsa mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri asanalowe mumsewu. Ngati galimoto ikuyenda molunjika koma chiwongolero chapendekeka pang'ono, vuto lili ku matayala, ndipo malo ake okonzera ndi kwa oyeza alaimenti. Kusuntha chiwongolero pa mano a shafuti kumangobisa matenda.

Mtengo wa chiwongolero chaching'ono

Nkhani imasintha munthu akafuna chiwongolero cha mpikisano. Maina otchuka ndi a ku Italy. Enrico Nardi adayamba kupanga ziwongolero zamatabwa ku Turin mu 1951. Momo idayambitsidwa ndi Gianpiero Moretti mu 1964, chaka chimene John Surtees adapambana mpikisano wa dziko lonse pa Ferrari atagwira chiwongolero chopangidwa ndi Moretti. Palinso Sparco ndi OMP. Ziwongolero zimenezi sizilowa pa shafuti mwachindunji. Zimafuna chitsulo cholumikizira chotchedwa boss kit, chopangidwira mtundu umodzi wa galimoto, ndipo zimamangidwa ndi timabawuti 6. Pa Momo, Sparco ndi OMP timabawuti timeneti tili pa mzere wozungulira wa mamilimita 70, pa Nardi 74. Wogula zosagwirizana amayamba kuboola mabowo ena kapena kupala mano ndi fayilo, ndipo apo ndi pamene ngozi imabadwira.

Ngakhale zonse zitakwana bwino, zotayika ndi zambiri. Choyamba ndi thumba la mpweya, poti ziwongolero zimenezi zilibe malo ake. Woyendetsa wa mpikisano salifuna chifukwa ali ndi malamba asanu kapena asanu ndi limodzi omumangirira pampando, chipewa cholimba, khola lachitsulo m'kati mwa galimoto, ndipo mu Formula One kuyambira 2003 ali ndi chogwira khosi chotchedwa HANS. Pambali pa bwalo pamakhala madokotala ndi ambulansi. Wa ku Milange ali ndi lamba mmodzi yekha, ndipo lamba wa galimoto zambiri zamakono adapangidwa kuti pa ngozi azimasuka pang'ono, podziwa kuti thumba lilipo kutsogolo kulandira munthuyo. Thumba likachoka, cholandira nkhope ndi chitsulo ndi mitu ya timabawuti.

Chachiwiri ndi mphamvu ya mkono. Chiwongolero chobwera ndi galimoto chimakhala cha mamilimita 370 kapena 380 m'mimba mwake, pamene cha mpikisano chimakhala 320 mpaka 350. Kuchoka pa 380 kufika pa 320 kumawonjezera mphamvu yofunika pokhota ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa phula losalala, injini ikuyenda ndi pampu ya pawa ikugwira ntchito, munthu sazindikira. Koma injini ikazima potsetsereka, kapena tayala likaphulika, kapena likagwa m'dzenje m'misewu yafumbi yopita ku Molumbo ndi m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine, chiwongolero chaching'ono chimalanda manja. Ndiponso boss kit ndi chiwongolero chakuya zimabweretsa chitsulo pafupi ndi chifuwa, chikhalirecho malangizo a chitetezo amati pakhale mpata wa masentimita 25.

Chachitatu ndi nyali ya SRS, imene imayaka osazima thumba likachotsedwa. Ena amaika kachipangizo konamiza kompyuta, ena amachotsa babu kapena kuimata ndi tepi yakuda. Nyali ikatsekedwa pakamwa chotere, mwini galimoto sadzadziwanso ngati thumba la wokwera kutsogolo kapena zomangitsa malamba zawonongeka.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ziwongolero zambiri zolembedwa Momo kapena Nardi zogulitsidwa motchipa m'misika ndi pa intaneti ndi zachinyengo. Chenicheni chimapangidwa ndi aluminiyamu wolimba, pamene chabodza chimapangidwa ndi chitsulo chopyapyala chimene munthu wamphamvu angachipinde ndi manja, ndipo chimathyoka pamene mikono yake yakumana ndi mkombero. Mtengo wotsika kwambiri, zilembo zopotoka, ulusi wosokedwa mosalongosoka ndi timabawuti tofewa ndi zizindikiro zake. Zitsulo zochotsera chiwongolero msanga, zimene ena amazikonda ngati njira yopewera akuba, nazonso zili ndi zabodza zimene zimayamba kugwedera pakapita miyezi yowerengeka.

Amene amakhulupirira kuti kuwotcherera kumathetsa zonse akumbukire Ayrton Senna wa ku Brazil, katswiri amene adapambana mpikisano wa dziko lonse katatu, ndipo adamwalira atachita ngozi pabwalo la Imola ku Italy pa 1 Meyi 1994. Senna adadandaula kuti malo a manja anali opanikiza m'galimoto yake ya Williams, choncho shafuti ya chiwongolero idadulidwa ndi kulumikizidwa ndi kapaipi kocheperapo. Pambuyo pa ngozi shafutiyo idapezeka yothyoka pamalo omwewo. Mlandu udatenga zaka zambiri, ndipo mu 2007 bwalo lalikulu la milandu ku Italy lidanena kuti ngoziyo idachitika chifukwa cha kuthyoka kwa shafuti yosinthidwa molakwika, ngakhale akatswiri ena amatsutsabe kuti idathyoka galimoto itagunda kale khoma. Mulimonse mmene zidakhalira, imeneyo inali ntchito ya mainjiniya a pamwamba okhala ndi zida zonse. Wowotcherera wa pamsika amene amalumikiza shafuti kapena boss kit ndi makina owotcherera mageti ali pangozi yoposa pamenepo.

Nkhani ya Takata

Pali chifukwa chimodzi chomveka chimene ena amaopera thumba la mpweya. Kampani ya ku Japan ya Takata idagwiritsa ntchito mankhwala a ammonium nitrate m'matumba ake, ndipo mankhwalawa amawonongeka akakhala zaka zambiri m'malo otentha ndi achinyezi. Akatero amayaka mopitirira muyezo, kachitini kamasweka, ndipo zidutswa zachitsulo zimalasa woyendetsa. Honda idayamba kuitanitsa galimoto zake mu 2008, kenaka Toyota, Nissan, Mazda, Subaru ndi makampani ena ambiri adatsatira. Matumba pafupifupi 100 miliyoni adakhudzidwa padziko lonse, anthu opitirira 30 adafa, ena mwa iwo ku Malaysia kumene kumatentha ndi kugwa mvula yambiri, ndipo Takata idagwa mu Juni 2017.

Nkhaniyi imakhudza Milange mwachindunji, popeza derali ndi lotentha ndi lamvula yambiri, ndipo galimoto zake zambiri zidapangidwa m'zaka zimene matumba amenewa ankaikidwa. Kuyambira mu Meyi 2018 boma la Japan lidayamba kukaniza chiphaso choyendera pamsewu kwa galimoto zoopsa kwambiri zimene zinali zisanakonzedwe, koma galimoto imene idakwera sitima isanakonzedwe palibe kalata yochenjeza imene ingaipeze ku Zambezia. Mankhwala a vutoli ndi kufufuza. Makampani a ku Japan ali ndi masamba pa intaneti pamene munthu amalembapo nambala ya chasisi n'kuona ngati galimoto yake ili pa mndandanda. Ikapezekapo, apite nayo nkhaniyo kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu wa galimotoyo kuti kachitini kasinthidwe. Thumba logulidwa pa galimoto yophwasulidwa limafunanso kufufuzidwa chimodzimodzi, popeza lingakhale la Takata lomwelo, lingakhale lonyowapo m'madzi, ndipo nthawi zina limakhala chivundikiro chokha m'kati mulibe kanthu.

Lamulo ndi anthu ena

Galimoto m'Mozambique zimayenera kupita kukayezedwa pa inspecção nthawi ndi nthawi, ndipo chiwongolero ndi chimodzi mwa zinthu zimene oyeza amayang'ana. Kusintha kapangidwe ka galimoto kumafuna chilolezo cha INATRO, bungwe loona za pamsewu limene mpaka 2021 linkadziwika kuti INATTER. Mwini galimoto wanzeru amafunsa ku ofesi ya bungweli ku Quelimane asanagule chitsulo chilichonse, poti safunsa adadya phula. Seguro yoteteza anthu ena pamsewu ndi yokakamiza kuyambira ndi lamulo la 2003, ndipo kampani ya inshuwalansi ikapeza kuti zida za chitetezo zidachotsedwa popanda kuiuza, ikhoza kuvuta pa nthawi yolipira. Wowoloka kupita ku Malawi akumbukire kuti apolisi a pamsewu a kumeneko nawonso amayang'ana ngati galimoto ili yoyenera kuyenda.

Koma chachikulu kuposa lamulo ndi anthu amene amagwira chiwongolero chimenecho. Ku Milange galimoto siyendetsedwa ndi mwini wake yekha. Mchimwene amaibwereka pa maliro, mlamu amathamangira nayo kuchipatala usiku ndi mayi wodwala matenda a uchembere, ndipo tsiku lina imagulitsidwa kwa munthu wa ku Mocuba kapena ku Gurué amene sadziwa mbiri yake. Onsewa amakhala pampando akukhulupirira kuti chitetezo chimene kampani idaika chilipobe. Amene chiwongolero chake chang'ambika ali ndi njira zotsika mtengo: kusoketsa chikopa chatsopano pa chakale chomwecho, kapena kufuna cha mtundu womwewo ndi kusamutsirapo thumba lake. Amene wasintha kale asunge chakale pamodzi ndi thumba lake pamalo ouma, achibwezere asanagulitse galimoto, ndipo pakadali pano auze aliyense womubwereka kiyi. Wogula galimoto naye, asanawerenge ndalama, atembenuze kiyi ndi kuyang'ana nyali ya SRS. Iyenera kuyaka, kenaka izime. Ikapanda kuyaka n'komwe, afunse chifukwa chake ndalama zikadali m'thumba.